Kusintha Sukulu Muli Kudziko la Eni: Kasamutsidwe ka Viza ya Ntchito

Chithunzi chimene chili pa khadi ndi chanu, dzina ndi lanu, nambala ya pasipoti ndi yanunso. Koma m'mayiko ambiri chingwe cha viza ya mphunzitsi chimakhala m'manja mwa sukulu imene inamuitana. Tsiku limene sukuluyo yauza boma kuti uyu sali nafenso, masiku anu okhala m'dzikomo amayamba kuwerengedwa, kaya mwauzidwa kaya simunauzidwe. Kwina amakupatsani masiku 60, kwina chilolezo chimafa tsiku lomwelo.

Ndiye pa nkhani imeneyi chachikulu ndi kudziwa choyamba n'chiti, chachiwiri n'chiti. Mapepala ake ndi omwewo kwa aliyense. Amene amalira ndi uja wayamba ndi kalata yosiya ntchito mtima uli m'mwamba, kenako n'kumafunsa za viza katundu ali kale m'makatoni. Ndaonapo aphunzitsi aluso, okondedwa ndi ana, akugula tikiti ya ndege ya mawa lake chifukwa chosemphanitsa zinthu ziwiri zokha.

1. Viza yanu inamangiriridwa pati?

Timangoti viza, koma nthawi zambiri pamakhala zinthu zitatu: viza imene munalowera m'dziko, chilolezo chogwira ntchito, ndi chilolezo chokhala m'dzikomo. Zimatuluka m'maofesi osiyana, ndipo chimodzi chikafa chimakoka chinzake. Ziyaleni zonse patebulo. Onani ngati dzina la sukulu lalembedwa penapake, ndipo lembani tsiku limene chilichonse chikutha.

Ku Japan zinthu n'zopepukirapo. Chilolezo chimamangidwa pa mtundu wa ntchito, sukulu ilibe nacho mphamvu. Mukhoza kuchoka pasukulu ina kupita ina ndi khadi lomwelo, bola mudziwitse a Immigration Services Agency pasanathe masiku 14 mutasiya, komanso masiku 14 mutayamba kwatsopanoko. Msampha uli pa mtundu wa ntchitowo. Wophunzitsa kupulayimale kapena kusekondale amakhala ndi chilolezo cha Instructor. Wa m'sukulu zolipiritsa zophunzitsa kuyankhula Chingelezi, zimene amazitcha eikaiwa, amakhala ndi cha Engineer/Specialist in Humanities/International Services. Wa kuyunivesite ali ndi cha Professor. Kuchoka ku eikaiwa kupita kusekondale ndi kusintha chilolezo chonse, ndipo choko simuchigwira asanavomere. Komanso mukakhala miyezi itatu osagwira ntchito ya chilolezo chanu popanda chifukwa chomveka, akhoza kukulandani.

Ku South Korea viza ya E-2 ndi ya inu ndi sukulu yanu, ngati ukwati. Mukamaliza kontirakiti mumapita kwina momasuka, n'kukanena ku imigireshoni pasanathe masiku 15. Mukafuna kuchoka mwa kufuna kwanu kontirakiti ili pakati, sukulu yakale iyenera kukulemberani kalata yokumasulani, imene aphunzitsi kumeneko amaitcha Letter of Release. Palinso viza ya D-10 ya munthu wofunafuna ntchito, imene ena amaigwiritsa ntchito ngati mlatho pakati pa sukulu ziwiri.

Ku China mumalowa ndi viza ya Z, kenako mumalandira Foreigner's Work Permit ndi chilolezo chokhala m'dziko chochokera kupolisi. Sukulu yatsopano singakupemphereni chilolezo cha ntchito ngati yakale sinafafanize chake. Mumafunika kalata yokumasulani ndi chikalata chosonyeza kuti chilolezo chakale chafafanizidwa. Popanda ziwirizi mwaima.

Ku Thailand n'kumene masiku amaluma kwambiri. Nthawi yoonjezera imene anakudindirani pa viza ya Non-Immigrant B imatha tsiku limene ntchito yatha. Mungapemphe masiku 7 okonzekera kutuluka, polipira 1,900 baht. Ambiri amatuluka kupita ku Vientiane ku Laos kapena ku Penang ku Malaysia kukatenga viza yatsopano ndi mapepala a sukulu yatsopano. Ndipo chilolezo chosakhalitsa chophunzitsira chochokera ku Khurusapha, bungwe la aphunzitsi la dzikolo, chimalembedwa pa dzina la sukulu, choncho sukulu yatsopano iyenera kupempha china.

Ku UK viza ya Skilled Worker imamangidwa pa bwana amene anakupatsani chikalata chokuitanani, Certificate of Sponsorship. Kusintha sukulu ndi kupemphanso viza, ndi satifiketi yatsopano. Ntchito ikatha musanapeze ina, boma limadula viza yanu kuti itsale masiku 60, kapena ochepera ngati inali kale pafupi kutha.

Mayiko a ku Gulf anasintha malamulo zaka zaposachedwa. Qatar inachotsa mu 2020 lamulo loti wantchito azipempha kalata ya chilolezo kwa bwana wake asanasinthe ntchito. Ku United Arab Emirates lamulo latsopano la ntchito linayamba kugwira pa 2 February 2022. Izi zikukuuzani kuti nzeru za mphunzitsi amene anasamuka zaka zisanu zapitazo zikhoza kukhala zitavunda. Mumvereni, koma tsimikizani pa webusaiti ya boma kapena pafoni. Ku Korea nambala ya imigireshoni ndi 1345 ndipo amayankha m'zinenero zingapo. Mukayimba, lembani tsiku ndi zimene akuuzani.

2. Kontirakiti ija munasayina mothamanga, iwerengeni tsopano

Ambirife tinaisayina tili ndi chimwemwe cha ulendo, maso ali pa mzere wa malipiro basi. Itulutseni, mutenge cholembera, mufufuze zinthu izi.

Notisi. Ndi masiku angati, ndipo iperekedwe motani? Lamulo la ntchito la ku China limati wantchito apereke notisi yolemba ya masiku 30, kapena masiku atatu ngati akadali pa nthawi yoyesedwa. Ku United Arab Emirates notisi imakhala pakati pa masiku 30 ndi 90, malinga ndi zimene munagwirizana. M'sukulu zambiri za boma ku England muli masiku atatu okha pachaka otsekera notisi: 31 October kuti muchoke pa 31 December, tsiku lomaliza la February kuti muchoke pa 30 April, ndi 31 May kuti muchoke pa 31 August. Mukaphonya 31 May ndi tsiku limodzi, ndinu wawo mpaka December pokhapokha ahedi atakumverani chisoni.

Zobweza. Sukulu zambiri zimalemba kuti wochoka msanga abweze ndalama za ndege, zimene anamupatsa posamuka, nthawi zina ndi zolipirira viza. Sikuti chilichonse cholembedwa m'kontirakiti n'chololedwa ndi lamulo la dzikolo, koma muyenera kudziwa chimene adzakuuzeni musanalowe mu ofesi.

Ndalama za pomaliza ntchito. Apa m'pamene kuleza mtima kwa milungu ingapo kumalipira. Ku South Korea wogwira ntchito chaka chathunthu amalandira ndalama zokwana pafupifupi malipiro a mwezi umodzi pa chaka chilichonse. Wochoka mwezi wa 11 salandira kanthu. Ku United Arab Emirates wokwanitsa chaka amalandira malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyambirira, ndi a masiku 30 pa zaka zotsatira, powerengera malipiro enieni osaphatikiza maalawansi. Ngati mwatsala ndi milungu isanu kuti chaka chikwane, pemphani sukulu yatsopano idikire. Ambiri amavomera.

Nyumba. Ngati mukukhala m'nyumba ya sukulu, makiyi amafunidwa liti? Kwina ndi tsiku lomaliza ntchito lomwelo, dzuwa lisanalowe.

Maganizo anga ndi akuti ngati mungapirire mpaka kontirakiti ithe, pirirani. Zitseko zonse zimatseguka zokha: kalata yokumasulani sifunikanso kwina, ndalama zanu zimatuluka, umboni wa ntchito umalembedwa ndi mtima woyera. Kuchoka pakati kuli ndi malo ake, monga pamene sakukulipirani, akukuzunzani, kapena akukugwiritsani ntchito imene viza yanu siloleza. Koma kuchoka chifukwa chakuti kutsidya kwa msewu akupereka kangachepe koonjezera, muwerenge kaye zimene mutaye.

Yang'ananinso kalendala. Chaka cha sukulu chimayamba March ku Korea, April ku Japan, May ku Thailand, September ku China ndi ku England. Kusamuka pamalire a chaka kapena a teremu kumapeputsa zonse, ndipo ana simuwasiya m'malere mayeso ali pakhomo.

3. Sukulu yatsopanoyo ili ndi mphamvu yokutengani?

Sukulu kukukondani pa intavyu ndi nkhani ina. Kukhala ndi chilolezo cholemba mlendo ndi nkhani inanso. Ku UK boma limaika pa intaneti mndandanda wa mabungwe amene ali ndi layisensi yoitana antchito akunja. Fufuzani dzina la sukuluyo kapena la bungwe limene limaiyendetsa. Ku China funsani ngati analembetsa kuboma kuti azilemba alendo, ndipo onetsetsani kuti dzina ndi mzinda zimene zidzalembedwe pa chilolezo ndi zamalo amene muzikaphunzitsa. Pali maejenti amene amakulembetsani pa kampani yawo n'kukutumizani kusukulu ina. Apolisi akabwera m'kalasi, wogwidwa ndinu. Lamulo la kumeneko limalipiritsa mlendo wogwira ntchito mosaloledwa pakati pa 5,000 ndi 20,000 yuan, ndipo mlandu ukakula pamakhalanso masiku otsekeredwa.

Funsani mafunso awa mwachindunji, pa imelo kuti mayankho akhale olembedwa. Munasamutsapo viza ya mphunzitsi wochokera kusukulu ina m'dziko lomweli? Amene amayendetsa mapepala ndani, dzina ndi foni yake? Ndalama za kuboma alipira ndani? Zimatenga milungu ingati? Chilolezo chikachedwa, tsiku loyamba ntchito lisunthidwa, ndipo nthawi imeneyo ndizikhala kuti? Pemphaninso kulankhula ndi mphunzitsi wakunja amene ali pamenepo pakali pano. Sukulu yokana zimenezi yakuuzani kale zambiri.

Mukamva mawu akuti "bwerani muyambe, mapepala tikonza muli mkati," kapena "lowani ndi viza ya alendo odzacheza, tisintha pambuyo," thokozani n'kutseka foni.

Kenako kalata yokulembani ntchito ndi kontirakiti yosayinidwa ndi mbali zonse ziwiri. Uthenga wa pa WhatsApp woti "takutengani" sungakuimireni pawindo la imigireshoni. Ndipo mukasayina, lekani kusaka kwina. Mapanga awiri avumbwitsa: sukulu ziwiri zikapereka mapempho a chilolezo pa dzina lanu nthawi imodzi, zonse zikhoza kuima.

4. Sonkhanitsani mapepala pakamwa pakadali potseka

Chitani izi musanauze aliyense pasukulu, ngakhale mnzanu womwa naye tiyi. Nkhani ya m'chipinda cha aphunzitsi imafika kwa ahedi isanafike belu la nkhomaliro.

Pasipoti ikhale m'manja mwanu, ili ndi masamba opanda kanthu ndi nthawi yokwanira. Mayiko ambiri sapereka chilolezo chopitirira tsiku limene pasipoti ikutha, ndiye ngati yatsala ndi miyezi yochepa yambani ndi ofesi ya kazembe wanu. Ngati sukulu inasunga pasipoti yanu, itengeni lero. Pezani chifukwa chilichonse, kaya kubanki kaya kuchipatala. Mayiko ambiri, kuphatikizapo a ku Gulf, amaletsa bwana kusunga pasipoti ya wantchito popanda kufuna kwake.

Digiri, satifiketi ya uphunzitsi kapena ya TEFL (yophunzitsira Chingelezi kwa anthu a zinenero zina), ndi mapepala otsimikizira kuti n'zenizeni. Ngati zenizenizo zili m'kabati ya sukulu, zipempheni. Chidindo cha apostille, chotsimikizira mapepala otere, chimene chinabwera ndi pangano la ku The Hague la 1961, chimagwira pakati pa mayiko amene analowa m'panganolo okha. China inayamba kuchivomereza pa 7 November 2023. Kwina kumafunika zidindo za unduna wa zakunja ndi za ofesi ya kazembe, ndipo zimenezi zimadya milungu.

Kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu imakalamba msanga. Korea ndi China amafuna ya miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Funsani ngati posamuka muli m'dziko momwemo ikufunikanso, chifukwa nthawi zina yakale imene ili m'faelo yanu imakwanira.

Onjezani mapepala a malipiro a miyezi yonse, umboni wa msonkho, zithunzi za pasipoti, ndi kontirakiti ya nyumba. Jambulani chilichonse, musunge pa imelo yanuyanu. Imelo ya sukulu imatsekedwa tsiku lochoka, nthawi zina tsiku lopereka notisi.

5. Kulowa mu ofesi ya ahedi

Pano mpofunika kudekha, chifukwa munthu amene mukukamutsanzikayo ndi amene agwire cholembera pa kalata imene mukuifuna.

Pemphani nthawi yoonana nawo. Asamve kwa ena, asaone imelo ali pakati pa msonkhano. Lowani ndi kalata yanu mu envelopu, yachidule: tsiku la lero, tsiku lomaliza ntchito, mawu othokoza mzere umodzi. Madandaulo anu onse, a nthawi yaitali yophunzitsa, a makolo ovuta, a malonjezo osakwaniritsidwa, asiyeni panja pa chitseko ngati nsapato. Mukhoza kungoti: "Ahedi, ndabwera kudzathokoza komanso kudzatsanzika. Ndipitiriza ntchito mpaka pa tsiku ili m'kalatamu. Mayeso a ana ndichonga onse, ndipo wobwera m'malo mwanga ndimusiyira ndondomeko ya pamene tafika." Akafunsa kumene mukupita, simukakamizidwa kutchula dzina la sukulu tsiku limenelo. Yankhani kuti mwapeza mwayi wina ndipo muwadziwitsa mapepala akayamba kuyenda.

Mukatero tchulani zimene mukufuna kwa iwo, ndipo mukatuluka mutumize imelo yobwereza zomwezo: kalata yokumasulani yokhala ndi chidindo cha sukulu, chikalata chofafaniza chilolezo ngati dzikolo limatero, kalata ya umboni wa ntchito yonena masiku amene munayamba ndi kumaliza ndiponso makalasi amene munaphunzitsa, ndi tsiku limene adzadziwitse boma kuti mwachoka. Chomalizachi n'chimene ambiri amaiwala. Gwirizanani tsikulo, ndipo ngati n'kotheka woyendetsa mapepala wa sukulu yakale alankhulane ndi wa yatsopano. Anthu awiriwa akagwirizana, theka la ntchito latha.

Kalata ikatuluka, iwerengeni muli pomwepo. Ine ndinabwezedwapo pawindo la imigireshoni nditadikira m'mawa wonse. Mayi wa pawindopo anaika pasipoti yanga pambali pa kalata yondimasula, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono pa dzina. Pa pasipoti mayina atatu, pa kalata awiri. Sanakweze mawu. Anangobweza zonse pansi pa galasi n'kuitana nambala yotsatira. Ndinabwerera kusukulu imene ndinali nditatsanzika kale, kukapempha mlembi alembenso, ahedi asayinenso, chidindo chidindidwenso. Anandithandiza tsiku lomwelo, n'kundipatsa ndi madzi akumwa. Ndikanachoka ndi mkangano, kaya zikanatha bwanji. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Bwanji akakana? Zimachitika, ndipo ena amafuna ndalama kuti alembe kalatayo. Musapsere pomwepo. Funsani chimene chingawathandize: kukhala mpaka teremu ithe, kuthandiza kupeza wolowa m'malo, kubweza ya ndege ngati ili m'kontirakiti. Zikakanika, ndipo sukuluyo ndi imene ikuphwanya lamulo, monga kusalipira malipiro kapena kusapereka ndalama za penshoni ndi inshuwalansi zimene ikukudulani, pitani ku ofesi ya boma yoona za ntchito ndi umboni wanu. Ku Korea ndi ku Ministry of Employment and Labor, ku United Arab Emirates ambiri amadandaula ku MOHRE, unduna wa za ntchito wa dzikolo. M'mayiko ena chigamulo cha ofesi yotereyi chimathandiza kuti imigireshoni ikuloleni kusamuka popanda kalata ya bwana.

Kuthawa usiku, kungosowa Lolemba m'mawa, sindikulimbikitsa pokhapokha moyo wanu uli pangozi. Sukulu imakanena kuboma kuti mwathawa, ndipo dzina lanu limatsala ndi chipsera m'kompyuta yawo. Ahedi a sukulu za mayiko osiyanasiyana amadziwananso, amayimbirana foni kuposa mmene timaganizira.

Chinanso: musasayine pepala lonena kuti mwalandira ndalama zanu zonse musanazione mu akaunti. Ku United Arab Emirates fomu yofafaniza chilolezo cha ntchito imakhala ndi mawu amenewa, ndipo lamulo limati bwana alipire zonse pasanathe masiku 14 ntchito itatha. Chimene simukuchimva chinenero chake, chijambuleni, mupeze wokumasulirani, mubwere mawa.

6. Mpata wa pakati

Tengani pepala mulembe masiku anayi: lomaliza ntchito yakale, lofafaniza chilolezo chakale, lopereka pempho latsopano, ndi loyamba ntchito yatsopano. Pa tsiku lililonse la pakati pa masiku amenewa, dzifunseni kuti ndikukhala m'dziko muno ndi chilolezo chiti. Ngati pali tsiku limene mulibe yankho, pamenepo ndi pa dzenje. Ganiziraninso maholide a dzikolo. Chaka Chatsopano cha ku China kapena Songkran ya ku Thailand mu April zimatseka maofesi masiku angapo, koma masiku a viza yanu amayendabe.

Kupitirira masiku kuli ndi mtengo wake. Ku Thailand ndi 500 baht patsiku mpaka 20,000 baht, ku China 500 yuan patsiku mpaka 10,000 yuan. Ndalamazo mukhoza kulipira. Chimene sichifufutika ndi chidindo, chifukwa mafomu a viza a mayiko ambiri amafunsa ngati munapitirirapo masiku kapena kuthamangitsidwapo kwinakwake.

Kodi mungayambe liti kuphunzitsa? Musaganize kuti yankho ndi limodzi paliponse. Ku United States munthu wa viza ya ntchito ya H-1B akhoza kuyamba kwa bwana watsopano pempho likangoperekedwa moyenera ku USCIS, ofesi ya imigireshoni ya dzikolo. Ku UK simuyamba mpaka yankho litatuluka, limene kawirikawiri limatenga mpaka milungu 8, koma mukhoza kupitiriza kusukulu yakale mukudikira, ndipo pempho mungalipereke kudakali miyezi itatu tsiku loyamba lisanafike. Kumene lamulo likuti dikirani, dikirani, ngakhale ahedi atsopano atakunyengererani kuti "mungothandizako sabata ino, sitikulipirani." Wa imigireshoni akakupezani kutsogolo kwa bolodi safunsa za malipiro.

Musatuluke m'dziko mapepala ali m'njira musanafunse. Ku UK pempho lanu limatengedwa ngati mwalichotsa mukatuluka kupitirira UK, Ireland, Channel Islands ndi Isle of Man lisanayankhidwe. Ku Thailand mukatuluka opanda chilolezo chobwereranso, nthawi yoonjezera imene anakudindirani imafera pabwalo la ndege pomwepo. Chilolezocho ndi 1,000 baht cha ulendo umodzi, 3,800 baht cha maulendo ambiri.

Sungani ndalama zokwanira miyezi iwiri. Malipiro omaliza amabwera atadulidwadulidwa, oyamba amabwera mochedwa, ndipo pakati pake pali dipoziti ya nyumba, galimoto yonyamula katundu, kuyezetsa kuchipatala ndi zidindo.

Ngati muli ndi banja, viza za akunyumba ndi ana zapachikidwa pa yanu. Funsani za iwo tsiku lomwelo limene mukufunsa za inu, ndipo ngati ana amaphunzira ulere kapena motchipa pasukulu imene mukuchokayo, malo awo amathanso ndi ntchito yanu.

7. Tsiku la kupita ku imigireshoni

Sungitsani malo msanga. Ku Korea zimachitika pa webusaiti ya HiKorea, ndipo chakumapeto kwa February ndi August malo amadzaza chifukwa aphunzitsi ndi ophunzira onse amasamuka nthawi imodzi. Pitani ku ofesi ya dera loyenera, chifukwa maofesi amagawana madera ndipo ya mzinda wina ikhoza kukubwezani. Nyamulani mapepala enieni ndi mafotokope ake, mwadongosolo m'faelo imodzi, cholembera chakuda, ndi ndalama m'manja poti si paliponse pamene amalandira khadi la kubanki. Ngati sukulu yatsopano ingakupatseni munthu wolankhula chinenero cha kumeneko, mutengeni.

Pawindo yankhani zimene mwafunsidwa basi, moona. Musachoke opanda lisiti kapena kapepala kosonyeza kuti pempho lalandiridwa, makamaka ngati pasipoti kapena khadi latsala kumeneko. Kapepalako ndi kamene mudzaonetse wapolisi akakuimitsani.

Ku Japan, ngakhale lamulo silikukakamizani, mungapemphe Certificate of Authorized Employment. Chimatsimikizira kuti ntchito yatsopanoyo ikulowa m'chilolezo chanu, ndipo chimakupulumutsani kudzidzimuka pa nthawi yoonjezera masiku.

8. Zotsalira mukasamuka

Adiresi yatsopano ikalembetsedwe. Ku China mlendo wokhala m'nyumba imene si hotelo amakalembetsa kupolisi pasanathe maola 24. Ku Japan mumapita ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14. Ku Thailand mwininyumba ndiye amapereka ku imigireshoni fomu ya TM30 yonena kumene mukukhala, koma amene amavutika ikasowa ndinu, ndiye muoneni ndi maso kuti wapereka, ndipo musaiwale kukaonekera ku imigireshoni masiku 90 alionse.

Inshuwalansi ya kuchipatala nthawi zambiri imatha ndi ntchito. Ngati pali mpata, gulani ya masiku ochepa kapena lowani m'ya boma kumene ziliko. Ku Japan tengani kusukulu yakale kapepala ka msonkho kotchedwa gensen choshuhyo mukapereke kwatsopano, ndipo musadabwe malipiro omaliza akachepa chifukwa cha msonkho wa mzinda, umene umawerengedwa pa zimene munalandira chaka chatha. Dziwitsani banki ndi kampani ya foni, chifukwa ena amatseka akaunti akaona kuti khadi limene ali nalo m'mabuku latha.

Khadi latsopano likafika, onani kalembedwe ka dzina, dzina la sukulu ngati lilipo, ndi tsiku lotha. Tsikulo silifanana nthawi zonse ndi la kontirakiti. Liikeni mu foni kuti ikukumbutseni kudakali miyezi itatu.

Ngati mukusamukira dziko lina, tengani kalata ya kupolisi ya dziko limene mukuchokalo mukadali momwemo, khadi lanu lisanafafanizidwe. Sukulu zambiri zimafuna kalata ya dziko lililonse limene munaphunzitsamo, ndipo kuipempha muli kutali kumafuna mafomu a zidindo za zala, munthu wokuimirani, ndi makalata oyenda miyezi.